Alamu Anga a Benedikito ndi Lole Yawo

Lachiwiri lapitali chakwana chaka chiikireni m'manda alamu anga, a Benedikito Sakala. Anamwalira kumayambiriro kwa Meyi, chimanga chili m'mikukwe. Anthu amene anabwera kumaliro kumudzi, kuseri kwa Madzimoyo, ankanong'onezana kuti munthuyu wasankha mwezi woipa, chifukwa theka la mudzi linkadalira lole yawo potuta zokolola. Sankanena mwachipongwe. Eni akewo akanamva, akanavomereza.

Anali mkulu wake wa mwamuna wanga Yosefe, ndipo anasiyana zaka zambiri moti Yosefe ankawaopa ngati atate ake. Pa unyamata wawo anayendetsa malole a katundu pamsewu wa ku Lusaka kwa zaka zoposa makumi awiri. Atatopa nazo anagula lole yaing'ono yakale, yabuluu kutsogolo, kumbuyo mtundu wake wosadziwika, n'kubwerera kumudzi kukalima chimanga, mtedza ndi thonje pang'ono. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo chipewa ankavula kutchalitchi kokha.

Ife tinkakhala m'tauni ya Chipata, ku Nabvutika, koma munda tinali nawo kumudziko. Chaka chilichonse mvula ikakata, udzu utayamba kufiira, ankatitenga Loweruka m'mawa kupita kokakolola. Ankaima pamsewu n'kuliza hutala kawiri. Kachitatu kunalibe. Wochedwa ankathamangira lole nsapato zili kumanja.

Kuchoka ku Chipata kukafika ku Madzimoyo minibasi imafika munthu asanamalize kutafuna nzimbe. Ife tinkatha maola awiri, mwina atatu. Choyamba, a Benedikito sankathamanga. Ankati madalaivala onse aliwiro amene anayamba nawo ntchito anafika msanga ndithu, koma kumanda. Chachiwiri, sankapitirira munthu wosenza katundu. Mayi wa dengu pamutu, nkhalamba yokankha njinga yophwa, anamwali ochokera kuchigayo, onse ankakwera. Maganizo awo anali akuti malo opanda munthu pa lole ndi tchimo laling'ono, loti wansembe saliwerengera koma Mulungu amaliona. Pofika pokhotera, kumbuyo kunkakhala ngati msika, ndipo ana anga awiri, Tisa ndi Daliso, ankakhala atadziwa kale mayina a mbuzi za anthu achilendo.

Chachitatu chinali minda ya eni. Ankachepetsa moto pa munda uliwonse wa m'mbali mwa msewu n'kuuweruza. Uyu anachedwa kupalira. Uyu feteleza anathira kamodzi kokha, wina anagulitsa. Uyu ndi mlimi, taonani mmene mikukwe yaimira. Eni mindayo sankawadziwa n'komwe, koma chaka chotsatira ankakumbukira, ndipo akaona kuti munthu wasintha ankakondwa ngati wamva malangizo awo.

Ndimakonda kukumbukira maulendo amenewo. Mpweya wa m'mawa unkakhala wozizira bwino, mapiri a Chipata akuoneka pafupi chifukwa fumbi linali lisanayambe. M'mbali mwa msewu amayi ankayala mavwende, zipwete ndi mitolo ya misale, ndipo panali mayi wina amene alamu ankaimapo chaka chilichonse kugulira ana misale, uku akum'dzudzula kuti yachaka chatha inali yokoma kuposa iyi. Kutsogolo kunali koletsedwa kudya. Kumenyetsa chitseko kunalinso mlandu waukulu. Batire la loleyo silinkadalirika, moti ikazima pamalo athyathyathya aliyense ankatsika kukakankha, kaya wavala bwanji. Pobwerera madzulo ana ankagona pamwamba pa matumba, pakati pa maungu ndi kandolo, ndiye kuti mbatata, zovala zili ndi chisoso chokhachokha. Dzuwa lisanalowe tinkakhala tafika, chifukwa alamu sankayendetsa mdima ukagwa. Zimene anaona m'mapiri a ku Luangwa pa zaka zawo za ntchito sankazifotokoza, koma zinawakwana.

Ndisaname, poyamba munthuyu sankandifuna. Kwathu atate anali mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, ndipo mpingo wathu unali wina. Kwa a Sakala onse ndi Akatolika, alimi kuyambira makolo. Tsiku limene Yosefe anakandionetsa kumudzi, a Benedikito anandipatsa moni bwinobwino, kenako anayang'ana manja anga nthawi yaitali.

"Yosefe," anatero, ine ndili pomwepo, "manja awa ndi a choko. Khasu adzaligwirira kuti?"

Pa ukwati wathu anatuta alendo onse maulendo atatu, koma m'tchalitchi mwathu sanalowe. Anakhala m'lole mpaka mapemphero atatha. Zaka ziwiri zotsatira ankanditchula kuti "aphunzitsi", ngakhale ine ntchito yanga inali yosoka zovala ndipo sindinaphunzitsepo munthu.

Masika anga oyamba kumudzi anandiika pa mkukwe woyandikana ndi wawo. Makoko a chimanga chouma amacheka, ndipo pofika masana zala zanga zinali zitang'ambika. Sindinadandaule, makamaka chifukwa cha mkwiyo. Mkukwe wanga ndinaumaliza. Pa nthawi yopuma, anthu akumwa thobwa, alamu anapisa m'thumba n'kutulutsa kamtengo kosongola, kakuda ndi thukuta, kamene ankang'ambira makoko. Anakaika pafupi ndi phazi langa, n'kupita kukasema kena. Yosefe anandiuza pambuyo pake kuti iye anakhala nawo moyo wake wonse koma sanalandirepo chiyamikiro chachikulu chotero. Tisa atabadwa ndinasanduka "amake Tisa", ndipo zinakhala choncho mpaka imfa yawo.

Mkangano wawo wautali kuposa yonse unali wa iwo ndi akazi awo, a Nambewe. A Nambewe ankakonda chimanga cha haibridi chifukwa chimabereka. A Benedikito ankaumirira cha makolo, ankati n'cholimba, anankafumbwe amachiopa, ndipo ufa wake uli ndi fungo la chakudya. Atalephera kugonjetsana anagawana munda pakati, n'kumanga nkhokwe ziwiri. Chaka china a Nambewe anawaphikira ufa wa haibridi mwakachetechete kwa sabata yathunthu, iwo akuyamikira tsiku lililonse kuti chimanga cha makolo sichinama. Lamlungu lake a Nambewe anaulula panja pa tchalitchi, anthu akumva. Alamu sanagwedezeke. Anati chimene ankayamikira chinali ndiwo.

Koma chimene chandichititsa kulemba zonsezi ndi chaka chimene Yosefe anamwalira.

Anadwala masiku ochepa chabe, mu Febuluwale, chimanga chikumasula ngaiyaye. Tisa anali m'giredi seveni, Daliso anali asanayambe sukulu. Chaka chimenecho munda wathu unali wabwino kuposa zaka zonse. Yosefe anadzala msanga, ndipo kupalira tinapalira tonse awiri Loweruka lililonse.

Maliro atatha, abale anakhala pansi kukambirana za katundu. Amene analankhula kwambiri anali a Paulo, m'bale wapakati, wamng'ono kwa a Benedikito koma wamkulu kwa Yosefe. Iwo anati mundawo ndi wa a Sakala, choncho zimene zameramo n'za a Sakala. Mkazi wamasiye ali ndi kwawo, abale ake amusamale. A Paulo sanali munthu woipa mtima. Munda wawo unali kudambo, chaka chimenecho unamira m'madzi, ndipo anali ndi ana asanu ndi awiri. Ambiri anavomereza. Ine maso anga anali pa a Benedikito, amene monga wamkulu mawu awo akanatha nkhani. Anakhala pa mpando wawo chipewa chili pamaso, osatsegula pakamwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ndinabwerera ku Nabvutika nditatsimikiza kuti agwirizana nazo. Mumtima ndinati munthu uja wa manja a choko sanasinthe, ankangodikira tsiku.

Miyezi itatu imeneyo inali yovuta. Makina osokera okha sakanatha kudyetsa anthu atatu chaka chonse, ndipo ndinayamba kuganiza zotumiza Tisa kwa achemwali anga kuti akakhale kumeneko, ngakhale zikanamusokoneza mayeso.

Loweruka lina mu Meyi hutala inalira kawiri pamsewu. Ana anadzuka n'kuthamangira kukhomo, koma ndinawabweza. Ndinakhala pa makina, kudikira kuti lole ichoke. Sinachoke. M'malo mwake ndinamva mapazi. Zaka zonse zija a Benedikito anali asanatsikepo kudzatenga munthu pakhomo.

"Odi, amake Tisa."

"Lowani, alamu."

"Sindilowa, dzuwa likukwera. Ana akonzeka?"

"Chaka chino sitipita. Mundawo si wathu. Munalipo, munamva nokha."

"Ndinamva. Chimanga tinachidula ine ndi a Nambewe, chili m'mikukwe. Mukufuna chiswe chichimalize?"

"Ndiye ndikakololere anthu ena?"

"Kwerani," anatero. "Zokamba zikatipeza kumunda."

Ndinakwera, sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndinkafuna kukaona komaliza chimanga chimene Yosefe anadzala. Panjira alamu ananyamula anthu monga mwa masiku onse, koma sanaweruze munda wa munthu ngakhale umodzi.

Tinasenda masiku atatu, tikugona kwa a Nambewe. A Paulo ndi akazi awo ankabwera m'mamawa n'kugwira ntchito ndi mphamvu, monga amachitira munthu pa chinthu chake. Ine ndinkasenda misozi ikugwera pa makoko. Tsiku lomaliza tinalonga m'matumba, ndipo a Paulo ndi amene anakweza matumba ambiri pa lole, kenako anakwera pamwamba pake. Alamu anandiuza kuti ndikhale kutsogolo pamodzi ndi ana.

Njira yochokera kumundako imafika pa mphambano. Kumanzere n'kopita kumudzi, kumanja n'kotulukira ku msewu wa tala. Titafika pamenepo a Benedikito anakhotera kumanja.

A Paulo anamenya denga kangapo. Loleyo inkayenda pang'onopang'ono moti anadumpha, n'kuthamanga, n'kukaima kutsogolo kwake manja atatambasula.

"Akulu, njira yakumudzi mwaisiya."

"Sindinaisiye. Chimangachi chikupita ku Nabvutika."

"Tinagwirizana pamsonkhano."

"Munagwirizana. Mawu anga unawamva pamenepo?"

Anazimitsa injini. Aliyense wodziwa lole ija anadziwa kuti munthuyu sakusewera, chifukwa malowo anali athyathyathya. Anatsika mosafulumira, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Anthu ochokera m'minda anayamba kuima, madengu ali pamutu.

A Paulo analankhula zambiri, ndipo zina zinali zowawa. Anati ine ndine mlendo, ndidzakwatiwanso, ndipo mwamuna wina adzadya thukuta la a Sakala. Anati ana awo akugona ndi njala pamene chimanga cha pa nthaka ya atate awo chikupita kutauni. Alamu anawasiya mpaka anamaliza. Kenako analoza ana anga, amene ankasuzumira pawindo.

"Awo dzina lawo ndani, Paulo?"

A Paulo anatembenuzira nkhope kumbali, alamu n'kupitiriza.

"Atate awo ali ndi miyezi itatu m'manda. Ukufuna anawa azikapempha gaga m'makomo mwa anthu m'tauni? Njala yako ndikuidziwa, sindine wakhungu. Nkhokwe yanga ilibe loko. Mawa ubwere ndi ngolo udzapungule. Koma ichi n'cha ana a Yosefe."

"Sindichoka pano."

"Khala."

Alamu anakhala pansi mumthunzi wa lole, msana atatsamira tayala, n'kugwetsera chipewa pamaso. Anauza anthu kuti amene ali ndi ntchito azipita, chifukwa iwo anagonapo masiku awiri pamsewu kudikira makaniki, kudikira amakudziwa. Palibe anachoka. Ine ndinali m'lolemo, Daliso atandigwira chitenje. Kawiri konse ndinafuna kutsika kuti ndinene kuti atenge chimangacho, abale asadane chifukwa cha ine. Ndikangogwira chitseko, alamu ankagogoda tayala ndi chala osadzutsa mutu, ine n'kukhalanso.

Patapita nthawi yaitali, akazi a a Paulo anabwera n'kuwagwira pamkono. Sindinamve zimene anawauza. A Paulo analavula pansi n'kupatuka, kulowera njira yakumudzi osacheuka.

Chinatsala chinali kukankha. Amuna analipo ambiri, koma aliyense ankayang'ana kumbali, poopa kuoneka ngati watenga mbali pa nkhani ya pachibale. A Nambewe, amene ankabwera pambuyo wapansi, anatula dengu lawo, kumanga chitenje m'chiuno, n'kuika phewa kumbuyo kwa lole yodzaza. Ine ndi Tisa tinatsika kukawathandiza. Sinasunthe. Ndiye anabwera amayi ena awiri, kenako anayi, mpaka inakhosomola n'kulira. Amuna aja anangotiyang'ana.

Titakwera tala ndinayamba kuthokoza.

"Musalankhulitse dalaivala," anatero.

Kunyumba anatsitsa matumba onse, kumwa madzi chiimire, n'kundiuza kuti mundawo ukhalabe wa Tisa ndi Daliso. Adzaulima ndi ng'ombe zawo, ife tizibwera kudzadzala, kupalira ndi kukolola monga kale. Patapita zaka ndinawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete pamsonkhano uja. Anati pamsonkhano munthu ukhoza kugonja, chifukwa pakamwa pamakhala pambiri, koma chiwongolero chimakhala chimodzi.

Nkhaniyi inawadyera zambiri. A Paulo sanabwere ndi ngolo, moti alamu anapungula okha nkhokwe yawo n'kukatula chimangacho pakhomo pa mng'ono wawo. Chimanga chinadyedwa, koma a Paulo anakhala zaka zisanu ndi chimodzi osawalankhula, ndipo kutchalitchi ankakhala mbali ina. M'mudzi munamveka mphekesera yakuti a Benedikito akufuna kundilowa chokolo. Atamva zimenezo sanakangane ndi munthu. Kuyambira pamenepo sanafikenso ku Nabvutika popanda a Nambewe pambali pawo. Chimene sindinadziwe mpaka pamaliro awo n'chakuti chaka chimenecho chakudya chinawathera mu Januwale. A Nambewe anandiuza akuseka kuti anapulumukira mango ndi nkhwani, ndipo amuna awo anawaletsa kuti nkhaniyo isafike kutauni.

Abale awiriwo anayanjana popanda wopepesa. Akazi a a Paulo atadwala mwadzidzidzi, lole yomweyo ndi imene inawathamangitsira kuchipatala, ndipo akuti tsiku limenelo lokha a Benedikito anaponda moto. Pobwerera anayamba kukambirana za matayala ngati anasiyira dzulo.

Ine ndinakangana nawo komaliza pa nkhani ya maso. Ng'ala inali itayamba kuwaphimba, ndipo tsiku lina anatsala pang'ono kugunda ng'ombe imene aliyense anaiona patali. Tisa, amene tsopano ndi namwino, anawauza kuti asiye kuyendetsa, ine n'kuvomereza. Anakwiya kwambiri. Anati anatinyamula zaka zonsezi osagwetsa ngakhale dzungu limodzi, lero tikuwaona ngati katundu. Mwezi wathunthu sanayankhe foni zathu. Masika atafika, hutala inalira kawiri pamsewu, ndipo titatuluka tinawapeza atasunthira kale kumpando wa pambali. Makiyi anali m'manja, akudikira Daliso.

Ulendo umenewo unali wathu womaliza. Daliso ankayendetsa akudzudzulidwa pa giya iliyonse, zidzukulu zanga zili kumbuyo pa matumba opanda kanthu. Ine ndinakhala pakati. Titatuluka m'tauni alamu anayang'ana pawindo nthawi yaitali, kenako anandigwira pamkono.

"Amake Tisa, munda wa kumanzereku wabereka bwanji?"

Ndinawauza kuti mapesi ndi aafupi, udzu wafika m'chiuno.

"Sanasinthe ameneyo," anatero, mokhutira. "Nanga wotsatira?"

Ndinawaonera minda yonse mpaka pokhotera, iwo akuweruza. Pa mayi wa misale tinaima. Anali mwana wake amene ankagulitsa, mayi uja anamwalira, koma alamu anamudzudzulabe kuti yachaka chatha inali yokoma kuposa iyi.

Pamanda pa a Benedikito, a Paulo ndi amene analankhula m'malo mwa banja. Ndi nkhalamba tsopano, amayenda ndi ndodo. Sanatalikitse. Anati mkulu wawo anali munthu wamakani, ndipo palibe khomo la a Sakala limene silinadyeko chimanga chake. Atatero anakhala pansi, n'kuphimba nkhope ndi manja.

Sabata yathayi ndinapita kukaona a Nambewe. Ndinakwera minibasi, ndipo minda inkangodutsa pawindo osaoneka kuti ndi ya yani. Lole anaigulitsa kwa munthu wina wa ku Katete amene ankafuna zitsulo zake. Kuseri kwa nyumba kwatsala chisakasa chimene inkagonamo, mizati inayi ya mitengo ndi denga la udzu limene layamba kugwera mkati. Pansi pake nthaka inada ndi oyilo wa zaka zambiri moti mvula yonse yapitayi sipanamere kanthu. Mikwasa iwiri ya matayala ikuonekabe kuchokera pamenepo mpaka pa msewu. Pa mzati wina papachikika chigubu chodulidwa pakamwa chimene ankathirira madzi mu injini, ndipo mavu amangamo.

A Nambewe anali atakumba mtedza, n'kuuyanika pabwalo ponse, pakhonde, ngakhale padenga la khola la nkhuku. Malo anali atawachepera. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanayalire wina pa njira ya matayalayo, poti pali dzuwa labwino ndipo palibenso chodutsapo.

Anayang'ana njirayo, n'kupitiriza kutembenuza mtedza ndi phazi.

"Chaka chamawa," anatero.